Anandiitana kukhoti ine nditadzitsekera m'nyumba

Zikomo amayi apampando pondipatsa mpata. Amayi anzanga, monire mose. Chitumbuka changa chathera pomwepo, mundikhululukire, zotsalazo ndilankhula m'Chichewa. Ndikati ndipitirize museka mpaka kugwa pamabenchipo, chonsecho nkhani yanga si yoseketsa.

Dzina langa ndine Felista. Kwathu ndi ku Phalombe, kuno ndinabwera ndi ntchito ya uphunzitsi, ndili pa pulayimale ina kufupi ndi Njakwa. Ena mukundidziwa, ndaona mmene munagundirana zigongono nditangoimirira. Eya, ndine yemwe uja. Madamu aja munkawapeza pakhonde la golosale m'mawa, ana ali m'kalasi okhaokha. Musavutike ndi kunong'onezana, ndinena ndekha zonse.

Ndamva kuti pano pali ena amene milandu yawo ya banja ili kukhoti, ena akuganiza zokayamba. Ndabwerera inuyo. Ine ndinataya mwana wanga wamkazi. Ali moyo, musagwire pamtima, koma anachoka m'manja mwanga, ndipo mpaka lero sanabwerere kwathunthu. Sanandilande ndi a khoti, sanandilande ndi mankhwala. Ndinamutaya chifukwa chokayikira munthu aliyense.

Ndinakwatiwa ndi a Mhango a ku Nkhamanga, kupitirira Bolero. Ankagula soya ndi fodya kwa alimi n'kumakagulitsa. Munthu wa pakamwa potsekemera, nsapato zopukuta tsiku lililonse. Akwawo anatuma thenga, amene kwathu timati nkhoswe, mpaka ku Phalombe kukapereka malowolo. Ng'ombe sungaziyendetse kuchoka ku Rumphi mpaka ku Phalombe, ndiye anazisandutsa ndalama. Malume anga, eni mbumba, analandira ndi manja awiri, mano onse pamtunda.

"Koma anthu akumpoto ndi aulemu inu! Kuthokoza kwake kotereku?"

Iwo ankayesa mphatso. Kwathu mwamuna amabwera kudzakhala kwa mkazi, banja likatha amapinda bulangete lake n'kumapita, ana n'kutsala ndi mayi wawo. Palibe anawauza malume kuti kuno ng'ombe zikaperekedwa, ana amawerengedwa kuchimuna. Iwonso sanafunse. Anagula malata.

Tinabereka mwana mmodzi. Ine ndinamutcha Chisomo, agogo ake kumudzi anamutcha Lusungu. Akakhala kwa ine ndi Chisomo, akapita ku Nkhamanga ndi Lusungu, ndipo maina onse awiri ankayankha.

Za mmene banja linaipira sinditaya nazo nthawi, ambiri pano mukuzidziwa kuposa ine. Bizinesi inagwa, bambo anayamba mowa, mowa unabweretsa manja. Tsiku lina ndinakaphunzitsa diso lili chotupa, mwana wina m'kalasi n'kufunsa kuti, "Madamu, njuchi zakulumani?" Kalasi yonse phwete. Ine ndinaseka nawo, kenako ndinakalirira kuchimbudzi. Sabata yomweyo ndinapita kukhoti kukapempha kuti banja lithe.

Tsiku loyamba zinayenda bwino, ndisaname. A majisitireti anatimva tonse awiri mwachidule. Anati mlandu weniweni udzamvedwa tsiku lina, aliyense adzabwere ndi ankhoswe ake. Podikira tsikulo analamula kuti mwana akhale ndi ine, bambo asamafike kunyumba ya kusukulu, azingotumiza thandizo. Anandipatsa pepala la chidindo. Ndinatuluka ndikuyenda ngati ndakwera maudindo.

Tsoka langa linayambira pakhonde la khoti pomwepo. Kalaliki amene ankalemba masiku a milandu anatuluka, n'kukumana ndi bambo a Chisomo. Anapatsana moni m'Chitumbuka, uyu akuti a Mhango, uyunso akuti a Mhango. Anaseka, anagwirana chanza nthawi yaitali. Ine ndinaima chapatali, ndikuwayang'ana. Ndinafunsa mayi wina wogulitsa nthochi kuti kalalikiyo dzina lake ndani.

"Awo mba Mhango," anatero mayiyo.

Basi. Kwa ine mlandu unathera pamenepo. Ndinati m'bale wake weniweni ndiye wagwira faelo yanga. Kuyambira tsiku limenelo maso anga anayamba kuona a Mhango paliponse. Wogulitsa mankhwala pa boma, Mhango. Wapolisi wina wa pamsewu, Mhango. Wachiwiri kwa ahedi kusukulu kwathu, NyaMhango. Ndinati ee, andizungulira. Anthu akamalankhula Chitumbuka n'kuseka ine ndikudutsa, ndinkati akunena ine. Mayi a duku lofiira, mukuseka, koma mukanakhala inu ku Phalombe anthu akuyankhula Chilomwe mukanamva chimodzimodzi.

Ndinali ndi mnzanga wa saluni, nayenso wobwera. Ndinamuuza zonse akundiluka.

"Iwe Felista, usapusitsidwe," anatero. "Tsiku limenelo akufuna upite ndi mwana kuti akakulande pomwepo. Kuno malowolo ndiye lamulo. Pepala uli nalo kale, ukufunanso chiyani? Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Mawu amenewo anandikomera chifukwa ndi amene ndinkafuna kumva. Ndinaimbira malume kuti abwere, iwo anayamba kutsokomola pafoni. Akuti mayendedwe akwera mtengo, akuti mwendo ukuwawa. Zoona zake ankaopa kuti akafika kuno awauza kuti abweze ng'ombe, pomwe ng'ombezo zili padenga. Ndinati chabwino, nkhoswe palibe, kalaliki ndi wawo, ndikatani kumeneko?

Tsiku la mlandu ndinatseka chitseko ndi mawindo, ndinauza Chisomo kuti lero tikudwala. Tinakhala m'nyumba tsiku lonse. Patapita milungu, mesenjala wa khoti anabwera ndi samani ina ya tsiku latsopano. Ndinamuonera pawindo, ndinatuma mwana wa aneba kuti akanene kuti Madamu apita ku Mzuzu. Anasiya samaniyo kwa ahedi, ahedi anandipatsa, ine ndinayatsira mbaula. Nambala ya foni ndinasintha. M'mutu mwanga ndinkati mlandu ukagona, pepala langa likhalabe maso. Ndinkadziona wochenjera kwambiri.

Miyezi inadutsa, kuli zii. Ndinayamba kudzitcha mbeta. Mphete ndinavula.

Tsiku lina ndikuweruka, Chisomo kulibe. Anali sitandade 1 pasukulu pomwepo, ankaweruka msanga n'kumasewera pabwalo kudikira ine. Anzake anati, "Abwera adadi ake ndi anti ake pa njinga yamoto, amutenga." Anti akewo ndi mlamu wanga NyaMhango, mlongo wawo wa bambo a Chisomo. Mayo ine! Ndinathamanga wopanda nsapato mpaka pamsewu. Ndinabwerera, ndinatenga pepala langa lija, ulendo wa kupolisi.

Ku ofesi yoona nkhani za mabanja ndinapeza wapolisi wachizimayi. Ndinaponya pepala patebulo.

"Andibera mwana! Lamulo ndi ili, akamangidwe lero lomwe!"

Anawerenga modekha, anaimba foni kukhoti, anamvetsera, n'kuika foni pansi.

"Mayi, khalani pansi kaye. Mlandu wanu anauchotsa."

"Anauchotsa ndani?"

"Khoti. Munakadandaula ndinu. Anakuitanani kawiri simunapite, amuna anu ankapita. Wodandaula akasowa, khoti silingasunge mlandu mpaka kalekale."

"Ndiye kuti banja linatha?"

"Banja lilipo. Mmene munalili musanapite kukhoti ndi mmene mulili lero. Ndinu akazi a Mhango."

"Nanga pepalali?"

"Pepalali linali lodikirira mlandu. Mlandu utachotsedwa, nalonso linatha mphamvu. Pano bambo watenga mwana wake kupita naye kwawo. Ngati mwanayo sakuzunzidwa, ife sitingamange munthu. Bwererani kukhoti mukayambenso, nkhani ya mwana akaimva."

Mwamva? Mayi uja anandiuza chochita, momveka bwino, tsiku lomwelo. Mukudziwa chimene ine ndinkachita iye akulankhula? Ndinkawerenga dzina pa yunifolomu yake. Silinali Mhango. Ndinati mumtima, ameneyu ndiye kuti anakwatiwa kwa a Mhango. Ndinatola pepala langa, ndinatuluka osatsanzika.

Kumudzi ndinapitako kamodzi, ndikukuwa kuyambira pamsewu. Ndinatukwana apongozi anga pamaso pa anthu, ndinawatcha akuba ndi afiti. Mwana anamulowetsa m'nyumba, ine anandiperekeza anyamata mpaka pa siteji. Kuchoka apo ndinatsetsereka, ndipo kutsetsereka sikuchedwa.

Ndinayamba ndi kabotolo kamodzi kuti ndipeze tulo. Kenako kam'mawa kuti manja asiye kunjenjemera. Kenako ka pa buleki, kuseri kwa kalasi. Ine amene ndinathawa mwamuna chifukwa cha mowa! Filiji inapita, matilesi a Chisomo anapita. Malipiro ankatha asanafike kunyumba. Ahedi anandichenjeza pakamwa, anandichenjeza polemba, ine ndinkati awatuma ndi a Mhango. NyaMhango wa kusukulu uja, wachiwiri wawo, ankandiphunzitsira kalasi ndikasowa, tsiku lina anandibweretsera phala. Ndinalitaya kudzala, ndinati muli mankhwala. Ndinapezanso chibwenzi, dalaivala wa malole amalasha aja amadutsa pamsewu waukulu. Ankaimika lole pa Njakwa, dera lonse n'kudziwa kuti ali kwa Madamu. Ndinkati ndine mbeta, ndani andiletse? Kuiwala kuti pamaso pa lamulo ndinali mkazi wa mwini, ndipo ndinkawapatsa ndekha a Mhango nkhani yokanena kukhoti.

Chaka chinatha choncho. Mwana wanga osamuona.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, m'mawa, ndinamva odi. Kutsegula, ndi mlamu wanga NyaMhango, yemwe uja anatenga mwana. Maso ofiira, chitenje chakuda.

"Mulamu, adada atisiya dzulo. Tikuika mawa. Ndabwera kudzakutengani."

"Kudzanditenga ine? Ngati ndani?"

"Ngati mkamwana wa pamudzi. Banja lanu silinathe. Malo anu alipo, anzanu okwatiwa pamudzipo akutunga madzi."

Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinati uwu ndi msampha. Akufuna akandithire mankhwala m'chakudya, kapena akandinamizire kuti ndapha nkhalambayo ndine, pajatu ndinaitcha mfiti. Koma kumeneko kunali Chisomo. Ndinamanga chitenje. M'chikwama ndinaika madzi anga akumwa, mabanzi anga, ndi kabotolo.

Pamaliro sindinadye kanthu. Mbale ikabwera ndinkati m'mimba mukundipweteka. Anandiika pamodzi ndi akamwana anzanga, ife akazi okwatiwa pamudzipo, ntchito yathu nkhuni ndi madzi. Palibe anandinyoza, ndipo zimenezo zinandiopsa kwambiri. Maso anga ankangosaka zinthu ziwiri, mwana wanga ndi kalaliki uja. Ndinkafuna ndimuone atakhala pakati pa abale ake kuti ndidziwe kuti sindinalakwitse.

M'mawa wa tsiku loika, ndinazemba kuseri kwa chigafa cha fodya, ndinamwa pang'ono kuti ndilimbe mtima. Ndinatafuna masamba a bulugamu, n'kunyamula ndowa kupita kumjigo. Kumjigo kunali mzere wa azimayi. Ndili pamzerepo ndinaona kamtsikana kakubwera ndi kandowa kobiriwira, kali pambuyo pa mlamu wanga NyaMhango. Katalika. Tsitsi lometa, mano awiri akutsogolo kulibe. Mano amenewo anaguluka ine kulibe, sindikudziwa amene anamuponyera padenga.

"Chisomo!"

Sanatembenuke msanga. Anayang'ana kaye ankhazi ake, ndiye kuti azakhali akewo. Iwo anati, "Lusungu, luta ukaŵatauzge anyoko." Pita ukapereke moni kwa amayi ako. Anabwera, anaika kandowa pansi, anagwada bwinobwino monga amachitira ana a kuno.

"Monire amama."

Mwana wanga kundigwadira ngati mlendo! Ndinamudzutsa, ndinamukumbatira, ndikulira, ndikumuitana maina onse awiri. Poyamba anafewa, ndinamva timanja take tikugwira chitenje changa kumsana. Kenako thupi lake linauma. Anabweza mutu pambuyo pang'onopang'ono, anandiyang'ana pakamwa. Sanakuwe, sananyoze. Analankhula motsitsa, ngati akundiuza chinsinsi kuti ena asamve.

"Amama, mukununkha nga ni adada."

Ndikununkha ngati bambo ake. Chitumbuka chimenecho ndinachimva chonse, sipanafunike womasulira. Anamasula manja anga, anatola kandowa kake, anakaima mbali ina ya ankhazi ake. Mjigo unali utasiya kulira. Azimayi onse anayang'ana pansi.

Amayi anzanga, ndamenyedwapo ine, ndikudziwa kuwawa kwa chibakera. Koma palibe chinandipweteka ngati mawu amenewo. Mwana uja ndinkamubisa kuseri kwa chitseko bambo ake akabwera ataledzera. Fungo limenelo ankalidziwa, linkatanthauza kuti thawa. Tsopano analipeza pa ine.

Ndinasiya ndowa pomwepo, ndinabwerera kuchigafa kuja, ndinakhala pansi m'fumbi. Patapita kanthawi NyaMhango anabwera yekha, anakhala pambali panga. Chichewa chake ndi chokoka, koma chimamveka. Ine ndi ukali wanga ndinayamba ndine.

"Mwakondwa eti? M'bale wanu wa kukhoti uja ali kuti? Sanabwere kudzaika bambo ake?"

"M'bale wathu uti?"

"Kalaliki. Mhango mnzanu. Amene munamugula kuti aphe mlandu wanga."

Anandiyang'ana, kenako anaseka, pamaliro pomwepo, mpaka anadzitseka pakamwa ndi chitenje.

"Mulamu, uyo sitimudziwa n'komwe kwawo. Akuti ngwa kunyanja. A Mhango tili mbwee, kuyambira kumapiri mpaka kunyanja. Tikakumana timapatsana ulemu wa chiwongo, basi. Kasi kwanu a Phiri onse amadyera mbale imodzi?"

Iye anapitiriza, kuseka kutatha.

"Ife tinapita kukhoti maulendo onse awiri. Adada anabwereka jekete. Dzina lanu linaitanidwa, mesenjala anatuluka panja kukakuwa, Felista, Felista, anthu onse kutembenuka. Adada anali atakonzeka kukanena kuti mwana akhale ndi amake mpaka akule, chifukwa mwana wawo wamwamuna mowa wamuononga, akutichititsa manyazi. Ankangofuna kuti patchuthi Lusungu azibwera kuno adziwe kwawo. Inu simunabwere. Mlandu utachotsedwa achimwene anayamba kunena kuti akamutenga okha. Ndinapita nawo ine kuti mwana asakwere njinga ndi munthu woledzera yekha. Amagona kwa ine, sagona kwa adada ake."

Kunena zoona, mpaka lero sindidziwa ngati nkhalamba ija ikananenadi zimenezo pamaso pa a majisitireti. Mwini wake anali m'bokosi, sindikanamufunsa. Mtima wanga wokayika uja unayamba kale kunong'ona kuti akukunamiza ameneyu. Koma ndinadzifunsa funso limodzi: kaya ndi zoona kaya ndi bodza, ndikanadziwa bwanji ine nditadzitsekera m'nyumba? Safunsa anadya phula. Ine ndinadya phula chaka chathunthu, uchi uli pomwepo.

Mukudikira kuti ndinene kuti ndinatulutsa kabotolo kaja n'kukathira pansi. Ayi, pano sitinamizana. Ndinakamaliza pobwerera, pamwamba pa lole ya anthu a kumaliro. Koma ndi komaliza kamene ndinagula ndi mtima wonse.

Tsopano mverani zimene ndinachita, mwina wina zimuthandiza.

Ndinayamba ndi mowa, chifukwa ndinadziwa kuti sindingakapemphe mwana ndikununkha. Ndinapita kuchipatala, ndinanena ndekha kuti ndine chidakwa, ndithandizeni. Masabata oyamba ndinkanjenjemera, thukuta, kusanza, kulota zoopsa masana. Ndinagwa kawiri, ndinadzukanso. Khadi langa la kubanki ndinakapereka kwa munthu woti azindisungira, azindigulira ufa ndi ndiwo. Mukudziwa ndinapatsa ndani? NyaMhango wa kusukulu, yemwe ndinamutayira phala. Ndinamuuza za phalalo. Anati, "Nkhamanya, ndinadziwa kale, ndinaliona kudzala." Wa malasha uja ndinamuuza kuti lole yake azikaimika kwina.

Kenako ndinapita kukhoti, kwa kalaliki yemwe uja. Ndinamuuza dzina langa, anafufuza, anapeza faelo. Sankandikumbuka n'komwe! Munthu amene ndinamuda chaka chonse, amene ndinkamulota, sankadziwa nkhope yanga.

"Mayi, mlandu wanu unachotsedwa chifukwa simunabwere," anatero. "Sunaweruzidwe, ndiye khomo silinatsekeke. Mukanabwera msanga ndi chifukwa chomveka, monga matenda kapena kuti samani sinakupezeni, mukanapempha kuti ubwezeretsedwe. Munali ndi chifukwa chanji?"

"Ndinkaopa inuyo. Ndinu a Mhango."

Anavula magalasi, anandiyang'ana, anapukusa mutu.

"Chimenecho musakanene kwa a majisitireti ngati chifukwa. Nthawi yapitanso yaitali. Yambani wina watsopano. Komanso mudziwe, ngati mukuona kuti wa khoti ndi m'bale wa amene mukutsutsana naye, mumanena poyera, pamaso pa khoti, amakumverani. Simuthawa."

Anandiuzanso kuti kuchotsedwa kwa mlandu kuli mitundu. Wanga unachotsedwa usanamvedwe. Koma ulipo wina umene khoti limamva mbali zonse n'kupeza kuti zifukwa zothetsera banja sizikukwanira. Umenewo sungangobwera mawa ndi nkhani yomweyo, umachita apilo kapena umadikira pakhale zatsopano. Koma konseko chinthu n'chimodzi: banja limakhala lilipo, sungakwatiwe kwina, katundu sagawidwa, ndipo malamulo ongodikirira aja amagwa. Ine si loya, ndikungobwereza zimene ndinauzidwa. Aliyense akafunse za mlandu wake. Kuli maloya a boma othandiza ife osowa, ine anandithandiza amenewo.

Malume ndinawaimbira, ulendo uno sindinawanyengerere. Ndinati, "Malume, munadya ng'ombe, bwerani mudzayankhe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma inunso m'mimbamo muli zanu." Ndinawatumizira thiransipoti. Anafika atavala majuzi awiri, akunjenjemera, kaya ndi kuzizira kwa kuno kaya ndi mantha. M'khoti a majisitireti anawauza kuti nkhani ya malowolo ndi ina, akambirane ndi thenga, koma mwana sasinthanitsidwa ndi ng'ombe. Khoti limayang'ana kumene mwana akhale bwino. Malume anapuma mpweya umene unamveka mpaka kubenchi yakumbuyo.

Pamenepo ndiye panandipweteka. Kumene mwana akhale bwino. Chaka chapitacho yankho linali losavuta: mayi mphunzitsi, wa nyumba yake, wosamwa. Tsopano a Mhango anaimirira n'kunena za golosale, za lole ya malasha, za makalata a ahedi. Zonse zoona. Ine ndinavomera, sindinakane ngakhale chimodzi. A zachisamaliro cha ana anayendera kwanga, anayenderanso ku Nkhamanga, anacheza ndi mwana payekha.

Banja linatha, a majisitireti analithetsa ndi pakamwa pawo, ine ndili pomwepo ndikumva. Koma mwana anati apitirize kukhala ndi ankhazi ake, chifukwa wazolowera sukulu ya kumeneko ndipo ine ndinali ndisanakhazikike. Kwa ine azibwera patchuthi. Anati adzaunikanso nkhaniyi akaona mmene ndikuyendera. Ndinalira, koma sindinanene kuti awagula. Chimene ndinali nacho m'manja kwaulere, lero ndikuchipempha pang'onopang'ono.

Ndiye inu amene muli ndi masamani m'zikwamamo, ndikukupemphani. Pitani. Kaya mukuopa, kaya nkhoswe wanu wathawa, kaya simumva chilankhulo, kapempheni womasulira, koma dzina lanu likaitanidwa mukayankhe. Mukadwala tumizani uthenga. Mukasintha maganizo n'kufuna kubwererana ndi amuna anu, kaneneni komweko, mudziwe chimene chatsala ndi chimene chagwa. Kukayika sindikuletsani, dziko lino lili ndi akuba ndithu, ine mpaka pano ndimawerenga maina pa mayunifolomu. Koma kakayikireni muli pabenchi ya khoti, osati kuseri kwa chitseko. Ndipo malangizo a pasaluni muziwasiya pasaluni pomwepo pamodzi ndi tsitsi lometedwa.

Mwana wanga amabwera tchuthi chilichonse. Mlamu wanga NyaMhango amamuperekeza mpaka pa Njakwa. Tchuthi choyamba, atangotsika, anandikumbatira, ndinamva kamphuno kake kakufufuza pakhosi panga, fwe fwe, mochenjera kuti ndisadziwe. Ndikachokera kumsika, kundinunkhiza. Ndikachedwa kutchalitchi, kundinunkhiza. Tsiku lina ndinamupeza akutsegula botolo la mafuta ophikira kuti amve fungo. Anatengera ine mwana ameneyu, sakhulupirira za pakamwa. Sindinamukalipire. Ndinkangowerama kuti afikire bwino.

Tchuthi chapitachi anatsika minibasi, chikwama kumsana, mano atamera. Ndinawerama monga mwa masiku onse, ndikudikira kamphuno kaja. Iye anangondiponyera chikwama n'kunena kuti, "Amama, njala! Mwaphika chiyani?" N'kuthamangira kunyumba.

Ndinatsala chiweramire pamsewu, NyaMhango akundifunsa kuti mulamu, msana wagwidwa? Ndinati ayi, ndikubwera.

Mwezi wamawa khoti liunikanso nkhani ya mwana. Sindikudziwa chimene akanene. Koma mesenjala sadzavutika kutuluka panja kukakuwa dzina langa. Akadzabwera kudzatsegula chitseko, adzandipeza nditakhala kale pakhonde.

Yewo chomene.